Kulipira wokuyendetsa m'mbali mwa Mulunguzi si kukhuta

Chaka chilichonse chisanu chikagwa, mkangano womwewo umadzukanso. Zithunzi zikangoyamba kuzungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook, za achinyamata ovala majuzi ndi zipewa ataima pa mathithi a Williams paphiri la Zomba, wina kutsogolo akuwalozera mtengo, zonena za anthu zimadziwikiratu. Ena amati awa ndi okhuta, asowa komwaza ndalama. Ena amati n'zachizungu, Mmalawi weniweni sangadzuke m'bandakucha wa mu July kukalipira munthu kuti amuyendetse m'thengo. Palinso amene amafunsa mwaulemu ndithu kuti, m'dziko limene anthu amachezera pamzere wa mafuta ndi wa chimanga, nkhani yokayenda m'mbali mwa mtsinje ikubwera bwanji. Ine ndili mbali ya oyendawo, ndipo ndikufuna kupitirira pamene iwo amalekezera. Kuyenda motsatira mtsinje wa Mulunguzi m'miyezi yozizira, munthu woudziwa ali patsogolo, kuyenera kukhala chinthu wamba kwa ana asukulu a mu Zomba ndi kwa aliyense amene amamwa madzi a mtsinjewu. Wolondolerayo, amene ambiri amangomutcha gaidi, azilipidwa popanda kunyinyirika, monga mmene timalipirira mmisiri aliyense wodziwa ntchito yake.

Ndiyambe ndi mtsinje weniweniwo, pakuti ambiri otsutsa sanauonepo kumtunda kwake. Mulunguzi amayambira m'madambo a pamwamba pa phiri, n'kugwera pa mathithi a Williams, kudutsa pa maiwe amene ankawetamo nsomba za trout zochokera kunja, kugweranso pa mathithi a Mandala, kenako n'kulowa m'damu lalikulu limene limamwetsa mzinda wa Zomba. Akatuluka m'damumo amatsetsereka ndi phompho mpaka m'tauni, kudutsa m'munda wa zomera umene Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa boma la atsamunda, anauyambitsa mu 1891, n'kukathira mu Likangala, amene amakathera m'nyanja ya Chilwa. Pa mtunda waufupi chonchi pali pafupifupi mbiri yonse ya mmene dziko lino linakhalira boma. M'zaka za m'ma 1880 John Buchanan wa ku Scotland ankalima khofi ndi nzimbe m'mbali mwa mtsinjewu, akudalira madzi ake osaphwa. Nyumba imene lero ndi hotela ya Masongola inamangidwa mu 1886 kuti mukhale kazembe wa Britain, ndipo Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, atabwera mu 1891 anakhazika likulu lake pomwepo. Zomba anakhala likulu mpaka 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo inatsalira mpaka 1994. Atsamunda sanasankhe malowa mwangozi: anatsata madzi ndi kamphepo kozizira kotsika m'phiri. Mwana wa Fomu 2 amaloweza zaka zimenezi kuti akalembe mayeso, koma sadziwa kuti mtsinje umene amawoloka popita kusukulu ndiwo unakoka zonsezo.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuumirira nyengo yozizira? Apa ndi pamene ena amandidabwa, amati bwanji osadikira kutenthe. Yankho lili m'phiri momwemo. Kuyambira December mpaka March njira zimaterera, miyala ya pa mathithi imachita ndere, ndipo mtsinje ungadzaze mwadzidzidzi ndi mvula yogwa kumtunda kumene inu simukuiona. Kuyambira September mpaka November dzuwa limaswa mtengo, mathithi amawonda, osaka mbewa amakhala atayamba kutentha tchire, ndipo utsi umaphimba chigwa chonse moti ngakhale phiri la Mulanje silioneka. Pakati pa nyengo ziwirizi pali May, June, July ndi kumayambiriro kwa August: mvula yasiya, nthaka yauma, madzi ndi oyera koma akadali ambiri, udzudzu wachepa, njoka zafooka, ndipo kukacha bwino munthu amaona Chilwa ndi chilumba cha Chisi ali pamwamba. Kumidzi nako chimanga chimakhala chili m'nkhokwe, anthu apumako khasu. Zoona, masiku ena chiperoni chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza kuchokera ku Mozambique, munthu osaona mnzake amene ali pafupi. Koma chimenecho ndi chifukwa chinanso chotengera wodziwa njira, osati chokhalira m'nyumba. Za chibayo ndi chimfine zimene agogo amatiopseza nazo sindichedwapo: wokwera mtunda amavula juzi asanafike patali.

Tsopano titenge mfundo za otsutsa, kuyamba ndi imene imamveka kwambiri. Iwo amati Amalawi timayenda kale tsiku ndi tsiku, kupita kuchigayo, kuchipatala, kumaliro, ndipo kuyenda kwa ife ndi chizindikiro cha umphawi, osati chisangalalo. Amaloza amayi amene amatsika m'phiri lomwelo atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, ndi abambo osenza matabwa pamutu, n'kufunsa kuti kodi si chipongwe kudutsana nawo iwe utalipira kuti utope. Mfundoyi ndi yolemera ndipo sindikuipeputsa. Komabe ikusokoneza zinthu ziwiri. Chimene munthu akugula kwa gaidi si miyendo, ndi maso. Mungadutse pansi pa mitengo tsiku lonse osazindikira kuti mwachoka m'nkhalango ya paini, mtengo wobwera umene unabzalidwa kuti uzichekedwa matabwa, n'kulowa m'kachigawo ka mitengo yachilengedwe ya m'mbali mwa madzi monga katope, mkuyu ndi mwimbi. Wodziwa amakuimitsani n'kukuuzani kuti mufukule pansi ndi chala: mwa paini muli masamba ouma ngati singano ndi zii, kulibe ndi mbalame zomwe, pamene mwa katope nthaka ndi yakuda, yachinyontho, yodzaza tizilombo. Amakuonetsani ndowe za katumbu pamwala, zodzaza zigoba za nkhanu, umboni wakuti madziwo akadali amoyo. Amakuuzani kuti mukhale chete, ndipo pakapita kanthawi nkhulukulu imauluka n'kuonetsa kufiira kwa mapiko ake, kapena nchima imasuzumira m'nthambi. M'phiri limeneli mulinso kambalame kakhosi lachikasu kotchedwa yellow-throated apalis, kamene padziko lonse kamapezeka m'mapiri a kumwera kwa Malawi kokha, ndipo alendo amakwera ndege kudzakafuna pamene eni ake sitikadziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pamafunikanso wina wokuuza pamene nkhonoyo ili. Ndipo tikanena za amayi a nkhuni aja, ambiri a iwo amalidziwa phirili kuposa ophunzira a digiri: amadziwa kasupe amene saphwa, mtengo wa mankhwala a m'mimba, malo omera bowa. Chodandaulitsa si chakuti ena akulipidwa chifukwa cha nzeru zoterezi, koma chakuti amayiwo sali m'gulu la olipidwawo.

Mfundo yachiwiri ndiyo yovuta kuposa zonse, ndipo imachokera kwa anthu owerenga. Iwo amati mbiri imene imafotokozedwa pa maulendo amenewa ndi ya atsamunda basi. Tamverani maina ake: Williams, Mandala, Queen's View pamene anaimapo mayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, Emperor's View pamene anaimapo Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Phiri lonse lili ngati linayamba kukhalapo tsiku limene mlendo wolemekezeka analiyang'ana. Ndiye amafunsa kuti, tikatengera ana athu kumeneko, sitikuwaphunzitsa kusirira amene anatilamulira? Ndikuvomereza kuti magaidi ambiri amayambira ndi kuthera pa maina amenewa. Koma tidzifunse chifukwa chake. Kwa zaka zambiri amene ankalipira anali alendo akunja, ndipo wogulitsa aliyense amaika patsogolo chimene wogula akufuna kumva. Mlendo wa ku Scotland amasangalala akamva za Buchanan ndi za David Livingstone amene anafika ku Chilwa mu 1859, choncho gaidi amaloweza zimenezo. Tsiku limene mabasi a ana a ku Chinamwali, Matawale ndi Sadzi adzayambe kufika, mafunso adzasintha. Mwana adzafunsa kuti anaumba njerwa za nyumba ya kazembe ndani, anakumba msewu wokhotakhota wokwera phiri ndani, ndipo ankalipidwa chiyani. Pamenepo ndi pamene nkhani ya msonkho wa nyumba, ya thangata ndi ya amtengatenga amene ankasenza katundu wa boma pamutu imalowera. Pamenepo ndi pamene timakumbukira kuti Buchanan anapeza anthu pano, Amang'anja ndi Ayao, ndi mafumu monga Malemia ndi Mlumbe amene maina awo akadalipo. Chipilala cha asilikali a King's African Rifles chimene chili polowa m'tauni chimanena za amuna a dziko lino amene anafera nkhondo ya eni, ndipo mu 1915, John Chilembwe ataukira, malamulo omusaka iye ndi anthu ake ankachokera m'maofesi a m'mbali mwa mtsinje womwewu. Zonsezi ndi mbiri yathu, ngakhale nyumba zake zinamangidwa ndi mapulani a ena. Chotero kunyanyala sikuchotsa mbiri ya atsamunda paphiripo. Kumangoisiya yokha popanda woitsutsa. Ndipo Zomba alibe chowiringula, popeza nyumba yosungira zolemba zakale ya National Archives ndi Yunivesite ya Malawi zili mumzinda momwemo, moti wophunzira mbiri angathe kukhala pansi ndi magaidi Loweruka limodzi n'kugawana zimene aliyense akudziwa.

Izi zikutifikitsa pa dandaulo lachitatu, lakuti magaidi amapeka nkhani, ndipo masiku ano foni ingakuuze zonse mwaulere. Theka loyamba lili ndi choonadi. Pitani ku dzenje la Chingwe, kumadzulo kwa phiri, mudzamve: wina adzati mafumu ankaponyamo adani awo, wina adzati ankaponyamo akhate, wina adzati dzenjelo limakatulukira ku mtsinje wa Shire, ndipo kuya kwake kumasintha malinga ndi nkhope ya womvera. Koma mankhwala a gaidi wonama ndi gaidi wophunzitsidwa, amene amatha kunena kuti ichi ndi chimene makolo amasimba, ichi ndi chimene chinalembedwa, ndipo apa sizigwirizana. Nkhani ya Napolo ndi chitsanzo chabwino. Mu December 1946 mvula yoopsa inagwa pa Zomba, mbali zina za phiri zinagumuka, mitsinje inatsika ndi miyala ndi mitengo, milatho inakokoloka ndipo anthu anafa. Akuluakulu anati Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, wadutsa pa ulendo wake wopita kunyanja. Wa sayansi adzati nthaka inakhuta madzi n'kulephera kugwira pathanthwe. Gaidi wabwino safunika kusankhapo chimodzi. Amakuimitsani pa chimwala chachikulu chimene chili pakati pa khwawa, n'kukufunsani kuti mukuganiza chinafika bwanji pamenepo, kenako n'kufotokoza zonse ziwiri. Mwana amene waima pamwala wotero amamvetsa zimene zinachitika ku Phalombe mu 1991, ndi zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu March 2023, kuposa amene anangoziona pa kanema. Akadzakula n'kupatsidwa puloti yotchipa m'khwawa louma, adzakumbukira kuti madzi saiwala khwawa. Foni singachite zimenezi. Mapu a pa foni sadziwa kuti mtengo wowolokera unakokoloka mu February, kapena kuti gawo lina la paini linadulidwa mwezi watha ndipo njira yasokonekera, ndipo nkhungu ikatsika netiweki nayo imakonda kuthawa.

Palinso amene amati zonsezi n'zabwino, koma anthu ali ndi njala, ndipo phiri likutha ndi makala ndi macheka. Ndiye kagulu ka oyenda kangasinthe chiyani? Pano ndisanamize munthu. Ndalama za magaidi sizingathetse makala. Malinga ngati mabanja ambiri a m'tauni akuphikira pa mbaula, ndipo magetsi ndi gasi sizikufikirika, matumba adzatsikabe m'phiri usiku ngakhale lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020. Amene amalonjeza kuti zokopa alendo zokha zidzapulumutsa nkhalango akugulitsa maloto. Chimene ndikunena n'chocheperapo koma chogwirika. Choyamba, ndalama ya gaidi imalowa m'dzanja la munthu wa m'mudzi wapafupi tsiku lomwelo, osadutsa mu ofesi kapena mu semina ya ku nyanja, ndipo pa ulendo womwewo amapindulanso anyamata ogulitsa mabulosi ndi masitiroberi m'mbali mwa msewu, osema ziboliboli, ogulitsa timiyala tonyezimira ta m'phiri ndi a kabaza. Chachiwiri, mtengo woimirira umapeza munthu amene chakudya chake chimadalira kuti usagwe. Wocheka amapeza ndalama kamodzi pa mtengo umodzi, pamene gaidi amaudyera chaka ndi chaka, choncho ndiye woyamba kukuwa moto ukabuka kapena nkhwangwa ikamveka kumene siyenera kumveka. Njira imene pamadutsa anthu tsiku lililonse ndi yovuta kuotcherapo uvuni wa makala. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu kwa ine, ndi madzi. Anthu a mu Zomba amalipira bilu ya madzi mwezi ndi mwezi, amakwiya mpopi ukauma, koma ambiri sanaonepo damu limene madziwo amachokera, kapena mapiri ometedwa mpala amene alizungulira mbali zina. Amene waona matope ofiira akutsikira m'damu kuchokera pamalo opsa sangamvenso nkhani ya kudula mitengo ngati nyimbo ya pa wailesi ya nyengo yobzala mitengo. Ndiponso mtsinjewu suthera m'tauni. Alimi a mpunga ku sikimu ya Likangala ndi asodzi a matemba ku Kachulu amadalira madzi omwewo, ndipo Chilwa, nyanja yosaya imene ilibe mtsinje wotulukamo, inaphwapo mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018. Chilala ndicho chimayambitsa, koma mitsinje imene magwero ake ali pambalambanda imasefukira mu January n'kuuma mu September, nthawi imene nyanjayo ikuifuna kwambiri.

Okonda chilengedwe ena ali ndi nkhawa yosiyana: akuti anthu akachuluka, malowo adzawonongeka. Amanena za mabotolo a mowa osweka pa mathithi, majumbo okodwa m'mizu, ndi zimasipika zimene zimathamangitsa mbalame zonse. Zimenezi zilipodi, koma taonani amene amazichita. Ndi magulu ofika pa galimoto mpaka pamphepete pa madzi, opanda wowatsogolera, amene abwera kudzawotcha nyama. Gulu loyenda pansi ndi gaidi limakhala ndi munthu wouza anthu kuti chimene mwabwera nacho mubwerere nacho, ndipo amanena molimba mtima chifukwa mawa abweranso ndi gulu lina pamalo omwewo. Ngati nkhawa ndi chiwerengero, achepetse anthu pa gulu lililonse, osati kutseka njira kuti phiri likhale la okhawo ogona ku hotela ya Ku Chawe.

Chotsala ndi mtengo, ndipo apa otsutsa ndi ine tikhoza kukumana. N'zoona kuti malipiro amene anaikidwa poganizira mlendo wa madola sangakwanitsidwe ndi mphunzitsi wa pulayimale amene akufuna kutenga kalasi yake. Pafunika mitengo yosiyana, wa alendo akunja, wa Amalawi ndi wa sukulu, monga zimachitikira kale polowa m'malo osungira nyama ngati Liwonde. Ana makumi awiri akasonkha pang'onopang'ono, ndalama ya gaidi mmodzi imakwana, ndipo sukulu zambiri za mumzindawu sizifunika n'komwe basi, popeza gawo la kumunsi la mtsinjewu, kuyambira m'munda wa zomera kudutsa nyumba zakale za boma, lili poyenda pansi. Makalabu a zachilengedwe amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi limalimbikitsa m'sukulu ndi poyambira pabwino, ndipo teremu yachitatu imagwera ndendende m'nyengo yozizira. Magulu a achinyamata a kumpingo ndi makwaya amene amabwereka basi chaka chilichonse kupita ku Mangochi angathe kupatula Loweruka limodzi la mu June kukwera phiri limene amaliona pawindo la tchalitchi. Koma kutsitsira ana mtengo kusakhale chifukwa chofinyira gaidi. Khalidwe limene limandinyansa ndi la bwana wofika pa galimoto yaikulu, wogula zakumwa za gulu lonse osafunsa mtengo, amene akafika pa mnyamata woti amuyendetse maola anayi amayamba kunenerera mpaka theka, n'kumaliza ndi mawu akuti "ukungoyendatu basi." Mnyamatayo waphunzira maina a mitengo m'zinenero ziwiri kapena zitatu, amadziwa chochita wina akabzungunyuka bondo kutali ndi msewu, ndipo m'miyezi ya mvula amatha masabata osapeza mlendo. Mitengo ilembedwe pa bolodi poyambira njira, magaidi ovomerezeka azikhala ndi ziphaso zooneka, amayi a m'midzi yozungulira phiri apatsidwe malo m'maphunziro ake, ndipo wofuna kunenerera azikanenerera kwa komiti yawo, osati kwa mnyamata amene waima yekha m'nkhungu ya m'mawa akudziwa kuti akakana, mnzake wanjala avomera.